Kumene Mau Amagonera

Makolo athu adati mau a akuluakulu amakoma akagonera. Ponena mwambi umenewu iwo ankadziwa malo amodzi okha ogonamo mau, ndiwo mtima wa munthu amene adawamva. Nkhalamba ikatsikira kuli chete, nzeru zake zinkatsala mwa ana ndi adzukulu, ndipo adzukuluwo akaiwala, zonse zinkathera pomwepo. Ngakhale pamene nkhani idapulumuka, liu lenileni la mwini wake, kunjenjemera kwake, kuseka kwake ndi kapumidwe kake pakati pa mau, zonsezi zinkaikidwa m'manda pamodzi ndi thupi.

Masiku ano tikakhala pakhonde madzulo ndi kutsegula wailesi, nthawi zina timamva woimba amene adamwalira zaka 40 zapitazo akuimba ngati wakhala nafe pamphasa pomwepo, ndipo palibe mwa ife amene amadzidzimuka. Tidazolowera. Komatu zimenezi sizidangochitika zokha. Kuseri kwa liu limenelo kuli chipinda chimene ambiri mwa ife sitidalowemo, chimene aulutsi amachitcha situdiyo, ndipo m'chipindamo mwakhala mukulowa ndi kutuluka makina osiyanasiyana kwa zaka zoposa 100. Mbiri ya makina amenewa ndiyo tikufuna kuilondola pano. Ikutikhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, luso limene lidatheketsa kusunga mau a munthu ndi lomwenso lidatheketsa kuwasintha. Chachiwiri, mau ambiri a makolo athu amene makinawa adasunga ali pangozi yoti atayike kachiwiri, ndipo ulendo uno sadzapezekanso.

Nyali yofiira

Wailesi yoyamba ya Guglielmo Marconi sinkanyamula liu la munthu iai, inkangotumiza tizizindikiro ta matelegalamu. Kuti liu liuluke padafunika chida cholilandira ndi kulisandutsa magetsi, chimene timachitcha maikolofoni. Pa 15 June 1920, m'fakitale ya kampani ya Marconi ku Chelmsford m'dziko la England, mai wina wotchuka pa zoimbaimba, Nellie Melba wa ku Australia, adaimba pa wailesi ndipo adamveka mpaka ku maiko ena a ku Ulaya. Maikolofoni imene adaimbirapo idali cholankhulira cha telefoni wamba, chimene amisiri adachilumikiza ku kalipenga kopangidwa ndi matabwa a bokosi la fodya. Patapita zaka ziwiri, mu 1922, BBC idayamba kuulutsa mau ku London.

M'kati mwa maikolofoni zoyambazo mudali timibulu ta makala tonga mchenga, ndipo magetsi ankadutsa m'menemo. Munthu akalankhula, mpweya wa mau ake unkagwedeza kachivundikiro kopyapyala, monga momwe chikopa cha ng'oma chimanjenjemera. Kachivundikiroko kankapanikiza makala aja ndi kuwamasula, kotero mphamvu ya magetsi inkakwera ndi kutsika motsata mauwo. Vuto lake lidali lakuti makalawo sankakhala chete: kumbuyo kwa wolankhula kunkamveka phokoso longa la mafuta ali pamoto. Chifukwa chake amisiri sadagone. Pofika mu 1934 BBC idali ndi maikolofoni ya mtundu wina, yokhala ndi kaliboni ka aluminiyamu kopyapyala kuposa khoko la anyezi, kopachikidwa pakati pa maginito. Imeneyi inkatulutsa liu la munthu mokoma ndithu, koma idali yosachedwa kuonongeka, moti kungoiuzira mpweya mwamphamvu kudali kokwanira kupinda kaliboni kaja.

Chipinda nachonso chinkafuna luso lake. M'masiku oyambawo makoma ankawakuta ndi nsalu zochindikala kuti mau asamagunde khoma ndi kubwerera, ndipo oimba ankatuluka thukuta m'chipinda chopanda mpweya. Pambuyo pake kudabwera galasi lalikulu logawa chipinda pawiri. Mbali ina kunkakhala wolankhula, mbali ina mmisiri, dzanja lake lili pa zokwezera ndi kutsitsira mau, maso ali pa kasingano kosonyeza kukula kwa phokoso. Mmisiri ameneyu omvera sankamudziwa ndi dzina lomwe, koma ndiye ankatsegula maikolofoni yoti imveke ndi kutseka yoti ikhale chete.

Pamwamba pa chitseko padali nyali yofiira. Ikayaka, chilichonse chotuluka m'kamwa chinkafika kwa omvera nthawi yomweyo. Wolakwitsa dzina la mfumu walakwitsa basi, wotsokomola watsokomolera dziko lonse, pakuti madzi akatayika saoleka. Aliyense wofuna kumveka ankayenera kubwera yekha pamaso pa maikolofoni pa ola loikika, kaya ndi wamkulu chotani. Pa 12 February 1931, potsegulira wailesi ya Vatican imene Marconi yemweyo adamanga, Papa Pius XI adapita yekha ku nyumba ya makinawo ndi kulankhula m'Chilatini kwa anthu a maiko onse. M'masiku amenewo womvera ankadziwa chinthu chimodzi mosakayika: munthu amene ndikumumvayu alipodi, ndipo akulankhula tsopano lino.

Lamba wachitsulo ndi zimbale

Kuipa kwa dongosolo limeneli kudaonekera poyera pa 19 December 1932, tsiku limene BBC idatsegula wailesi yolankhula ku maiko onse amene adali pansi pa Britain. Dziko lapansi ndi lozungulira: kukamada ku Australia, ku London kuli m'mawa, pamene ku Canada anthu akali mtulo. Tsiku limenelo mkulu wa BBC, John Reith, adawerenga mau ake otsegulira kasanu konse, kuti chigawo chilichonse chimve pa nthawi yake. Mkulu angapirire zotere tsiku limodzi, koma gulu la oimba silingaimbe nyimbo zomwezo kasanu usiku uliwonse. Padafunika njira yosungira mau.

Njira ina idalipo kale. Mu 1898 mmisiri wa ku Denmark, Valdemar Poulsen, adaonetsa kuti mau angasungidwe pa waya wachitsulo. Chinsinsi chake ndi maginito. Magetsi ochokera ku maikolofoni amalowa m'kamutu kakang'ono ndi kukasandutsa maginito amene mphamvu yake imakwera ndi kutsika motsata mau. Waya akamadutsa pa kamutuko amatenga zizindikiro za maginitowo, monga dothi lonyowa limasungira mapazi a nyama imene yadutsa. Mukadutsitsanso wayayo pa kamutu kena, zizindikiro zija zimabala magetsi, ndipo magetsiwo amabala mau.

BBC idatsata njira imeneyi, koma m'malo mwa waya idagwiritsa ntchito lamba wachitsulo, poyamba pa makina otchedwa Blattnerphone, kenaka pa ena otchedwa Marconi-Stille. Pa makina achiwiriwa lambayo adali wa mamilimita 3 m'lifupi mwake, ndipo ankathamanga mita imodzi ndi theka pa sekondi iliyonse. Pulogalamu ya theka la ola inkadya lamba wa makilomita pafupifupi 3, ndipo gudumu lodzaza linkalemera makilogalamu 25. Lambayo adali wakuthwa ngati lumo. Akaduka ali paliwiro ankakwapula chilichonse chimene chili pafupi, ndipo kumulumikizanso kunkafuna kuotcherera.

Njira yachiwiri idali ya chimbale. Amisiri ankatenga chimbale cha aluminiyamu chopakidwa utoto wofewa, ndipo singano yakuthwa inkalima kamzera kozungulira m'menemo motsata mau, kotero kuti chimbalecho chinkatha kuimbidwa nthawi yomweyo ngati cha galamafoni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mu 1944, atolankhani a BBC ankapita kubwalo la nkhondo atanyamula kabokosi kolembera zimbale zotere kolemera makilogalamu pafupifupi 18. Koma chimbale wamba chinkasunga mphindi zinai kapena zisanu zokha mbali imodzi, chinkatha msanga pochiimba kawirikawiri, ndipo singano inkamveka kukanda. Chimene singano yalima sichinkafufutika. Womvera wakhutu ankazindikira kuti ichi ndi chimbale, ndipo ku America makampani akuluakulu a wailesi adaletsa kwa zaka zambiri kuulutsa mapulogalamu ojambuliratu.

Fumbi la dzimbiri

Chimene chidasintha zonse chidachokera ku pepala la ndudu. Fritz Pfleumer, amene ankakhala ku Dresden m'dziko la Germany, adali katswiri wa mapepala opyapyala, ndipo adagwirapo ntchito yomata timizera ta fumbi lachitsulo pa mapepala okulungira ndudu. Iye adadzifunsa kuti: bwanji osamata fumbi lomvera maginito pa pepala, m'malo monyamula lamba wachitsulo wolemera chonchi? Mu 1928 adalembetsa luso lakeli kuboma. Kampani ya AEG idapanga makina ake, kampani ya BASF idapanga tepi yapulasitiki yolimba kuposa pepala, ndipo mu 1935 adaonetsa makinawo ku Berlin pa dzina lakuti Magnetophon. Fumbi lofiirira limene adakhazikika nalo m'kupita kwa nthawi ndi mbale wake wa dzimbiri lomwe timaliona pa khasu losiyidwa pamvula.

Poyamba mau a patepi sadali okoma kwenikweni. Mu 1940 mmisiri wa ku wailesi ya boma la Germany, Walter Weber, adadabwa kuona kuti makina ena amene adali ndi vuto ankajambula bwino kuposa anzake onse. Atafufuza adapeza kuti vutolo linkatulutsa kaliu kokwera kwambiri, kosamveka ndi khutu la munthu, ndipo kaliuko kankagwedeza fumbi la patepi kuti lilandire mau mosalala, monga mai amagwedezera sefa kuti ufa utsike bwino. Atayamba kuika kaliuko mwadala, phokoso lidachepa kwambiri, ndipo womvera sadathenso kusiyanitsa munthu wolankhula nthawi yomweyo ndi tepi.

Tisaiwale kuti luso limeneli lidakhwimira m'manja mwa boma la Hitler, limene linkaona wailesi ngati chida chachikulu chofalitsira mabodza ake. Msilikali wina wa ku America, Jack Mullin, ali ku England pa nthawi ya nkhondo, ankamvera wailesi za ku Germany pakati pa usiku ndi kumadabwa kumva magulu akuluakulu a zoimbaimba akuimba popanda kukanda kwa singano. Kodi anthu amenewa sagona? Yankho adalipeza mu 1945, nkhondo itatha, pamene adalowa m'nyumba youlutsira mau ku Bad Nauheim pafupi ndi Frankfurt ndi kuona Magnetophon ikuzungulira. Adatenga makina awiri ndi matepi 50, adawamasula zidutswazidutswa ndi kuwatumiza kwao.

Ku America kudali woimba wotchuka, Bing Crosby, amene adatopa ndi nyali yofiira ndipo ankafuna kujambuliratu mapulogalamu ake. Atamva makina a Mullin adamulemba ntchito, ndipo pa 1 October 1947 pulogalamu yake yoyamba yojambulidwa patepi idaulutsidwa. Crosby adaikanso madola 50,000 m'kakampani kakang'ono kotchedwa Ampex, kamene mu 1948 kadatulutsa makina ake a tepi. Pasadapite zaka khumi, magudumu awiri ozungulira adasanduka chizindikiro cha situdiyo iliyonse pa dziko lapansi.

Lezala ndi pensulo

Ubwino waukulu wa tepi udali wakuti inkadulika. Zida za wokonza mapulogalamu zidali zosavuta kupeza: lezala, pensulo yachikasu, kachitsulo kokhala ndi ngalande yogonekamo tepi, ndi kachomatira. Iye ankazunguliza magudumu ndi manja pang'onopang'ono, uku ndi uku, mau akumveka ngati kubuula kwa ng'ombe, mpaka atapeza poyambira chimene sakuchifuna. Ankalemba chizindikiro, ankafunanso pothera pake, ankadula mopendeketsa, ankataya chidutswacho ndi kulumikiza nsonga ziwirizo. Waluso akatero, palibe khutu limene likadamva pamene padulidwa.

Zimenezi zidali chifundo chachikulu kwa olankhula. Wachibwibwi adamveka wosalala, nkhalamba yobwerezabwereza idamveka yolunjika, ndipo nkhani ya ola lathunthu idakwana m'mphindi khumi. Koma Mullin yemweyo adasimba za tsiku lina pamene wanthabwala wina pa pulogalamu ya Crosby adanena zolaula, anthu ndi kuseka kwambiri. Nthabwalazo adazidula chifukwa sizikadaulutsidwa, koma kusekako adakusunga. Patsogolo pake, pulogalamu ina itakhala yosaseketsa, adatenga kuseka kuja ndi kukumata pamenepo. Omvera kunyumba adamva anthu akufa ndi phwete pa nthabwala imene anthuwo sadaimve n'komwe.

Wina anganene kuti kuseka ndi nkhani yaing'ono. Tiyeni tiganize za chilankhulo chathu. M'masitudiyo tepi inkathamanga masentimita 38 pa sekondi, kotero kuti kachigawo kamodzi ka liu kankatenga malo otalika ngati chala. Mlimi atafunsidwa za ndondomeko ina nayankha kuti "sindikuvomereza", lezala likadatha kuchotsa "si" yekhayo, ndipo dziko lonse likadamva mlimiyo, ndi liu lakelake, akunena kuti "ndikuvomereza". Ndiponso sikuti wokonza pulogalamu ankafunika kufika pamenepo kuti anamize anthu. Kuchotsa funso ndi kusiya yankho, kapena kusiya chiyamikiro ndi kutaya dandaulo lobwera pambuyo pa "koma", kudali kokwanira. Chiyambire kubwera kwa tepi, womvera amadalira chikumbumtima cha munthu wosaoneka uja wa kuseri kwa galasi. Aulutsi okhulupirika adadziikira lamulo lakuti dula chifuwa, dula chibwibwi, koma tanthauzo la mwini mau usalikhudze.

Makina afika kumudzi

Nanga kwathu kuno zinthu zidayenda bwanji? Kwa makolo athu ambiri wailesi idayambira ku Lusaka. Kumeneko boma lachitsamunda lidayamba kuulutsa mau mu 1941 pofuna kufalitsa nkhani za nkhondo, ndipo nkhondo itatha nyumbayo idakula ndi kutchedwa Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zilankhulo zao, Chinyanja chili m'gulu. Vuto lidali lakuti anthu adalibe mawailesi. Mkulu woona zofalitsa nkhani, Harry Franklin, adanyengerera kampani ya mabatire ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Mu 1949 idatuluka wailesi yotchedwa Saucepan Special, chifukwa thupi lake lidali longa sefuliya. Inkagulidwa pa mapaundi 5, batire lake pa mashilingi 25, ndipo mabowo ake adawatseka ndi kawaya ka sefa kuti tizilombo tisalowe.

Anthu atagula mawailesi adafuna kumva nyimbo zao. Apa ndi pamene makina ojambulira mau adaonetsa phindu lake lenileni. Woimba bangwe wa kumudzi sakadatha kupita ku Lusaka kukaima pansi pa nyali yofiira, koma makina akadatha kupita kwa iye. Antchito a wailesiyo ankayenda ndi galimoto m'midzi kujambula nyimbo, ndipo mmodzi wa iwo adali Alick Nkhata, woimba amene mbiri yake idafika kutali. M'zaka zomwezo Hugh Tracey, amene adakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, adayenda m'dziko la Nyasaland mu 1950, 1957 ndi 1958. Makina ake adali olemera ndipo ankafuna injini yakeyake ya magetsi, imene ankaiika patali kuti isamveke. Maikolofoni ankaigwira m'manja, akuiyandikiza kwa woimba, kenaka kwa ng'oma, kenaka kwa ovomereza nyimbo. Akamaliza ankawaimbira anthuwo zimene wajambula, ndipo ambiri adadzimva okha koyamba m'moyo wao.

Komabe chikhulupiriro cha omvera ndi chinthu chosachedwa kusweka. Peter Fraenkel, amene adagwira ntchito pa wailesi ya ku Lusaka, adasimba m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, la mu 1959, kuti pa nthawi ya mkangano wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene anthu akuda ankachikana, kudabuka mphekesera yakuti aulutsi ena adali m'gulu la anthu opopa magazi. Makina adali omwewo, maliu adali omwewo, koma anthu adali ataona kuti wailesiyo ndi ya boma limene likuwakakamiza chinthu chimene sakuchifuna.

Makina adapitirira kuchepa. Mu 1951 mnyamata wa ku Poland wokhala ku Switzerland, Stefan Kudelski, adapanga makina onyamula m'manja otchedwa Nagra, liu la Chipolishi lotanthauza kuti "adzajambula". Oyambawo ankawapukusa ngati galamafoni, koma mu 1958 adatuluka oyendera mabatire. Mu 1961 kampani ya Uher ya ku Germany idatulutsa ake otsika mtengo, okoleka paphewa ngati chikwama, ndipo mu 1963 kampani ya Philips idabweretsa kaseti. Pamene Malawi Broadcasting Corporation inkayamba ntchito ku Blantyre mu 1964, mtolankhani mmodzi akadatha kale kufika pa dambwe, pa msika kapena pa bwalo la mfumu ndi situdiyo yake paphewa. Kwa zaka zambiri oimba ambiri a m'Malawi adalibe kwina kojambulira nyimbo zao koma ku wailesiyo, kotero matepi ake adasanduka nkhokwe ya nyimbo za fuko. Koma nkhokwe imasunga zimene mwini wake walola kuti zilowemo. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo chidabwereranso mu 1994. Zaka 26 zimenezo ndi mpata umene palibe makina angautseke.

Tepi ngati mboni

Tanena kuti tepi ingathe kunamizira munthu. Chilungamo chifuna kuti tinenenso kuti ingathe kumugwira pa mau ake. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Mpingo wa Katolika idawerengedwa m'matchalitchi a m'Malawi, yodandaula za umphawi, kusowa kwa chilungamo ndi kutsekedwa pakamwa kwa anthu. Patapita masiku ochepa, pa msonkhano wa akuluakulu a chipani cholamula cha nthawi imeneyo, ena adalankhula mau oopseza moyo wa maepiskopiwo. Mauwo adajambulidwa. Tepi idatuluka, ndipo zimene zidanenedwa m'chipinda chotseka zidamveka mpaka kunja kwa dziko. Kale mau otere akadakanidwa tsiku lotsatira, ndipo wonena kuti adawamva akadatchedwa wabodza. Ulendo umenewu kukana kudali kovuta.

Ku Rwanda nako, wailesi ya RTLM, imene mu 1994 inkauza anthu kuti aphe anansi ao, idasiya mapazi ake pa matepi. Matepiwo adamvedwa m'bwalo la milandu la United Nations ku Arusha, ndipo mu December 2003 ena mwa akuluakulu a wailesiyo adapezeka olakwa. Fumbi la dzimbiri lija lidasunga zonse mosakondera, nyimbo ya mlimi ndi mfuu ya wakupha yomwe.

Nkhokwe ikudontha

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 magudumu ozungulira adayamba kuchoka m'masitudiyo. Kudabwera timbale tonyezimira, kenaka kompyuta. Lero wokonza pulogalamu amaona mau atajambulidwa pa galasi ngati mzera wa mapiri, ndipo amadula ndi kulumikiza popanda lezala. Foni ya m'thumba imajambula bwino kuposa makina amene ankadzaza galimoto ya Hugh Tracey. Mphamvu imene idali ya mmisiri mmodzi kuseri kwa galasi tsopano ili m'manja mwa mwana aliyense wa sukulu, ndipo yafika poti kompyuta imatha kutsanzira liu la munthu ndi kumunenetsa mau amene sadawatchule n'kamodzi komwe. Tikalandira kachidutswa ka mau pa foni kakuti wakutiwakuti wanena zakuti, tiyenera kufunsa funso lomwe lija la m'masiku a lezala: adadula ndani, ndipo chimene adataya chinkati chiyani?

Pamene ife tikuthamangira zatsopanozi, matepi akale akudwala. Chomatira chimene chimagwira fumbi lija chimamwa chinyezi ndi kusanduka chonanda, moti poimba tepi yotere fumbi limatsalira pa makina, mau ndi kupita nalo. Matepi ena amanunkha ngati viniga, chizindikiro chakuti pulasitiki yake ikuola. Ena amachita nkhungu. Kutentha ndi chinyezi cha kwathu kuno zimafulumizitsa matenda onsewa. Ambirinso adafufutidwa kalekale, pakuti tepi idali yokwera mtengo ndipo nyumba za wailesi, ngakhale BBC imene, zinkajambula zatsopano pamwamba pa zakale. Akatswiri amatha kupulumutsa tepi yonanda poiumitsa m'uvuni wofunda pang'ono, wa madigiri 50 kapena kuposerapo pang'ono, kwa maola ambiri, koma imachira kwa kanthawi kochepa chabe, kongokwanira kukopera mau ake mu kompyuta.

Ngozi yoposa zonse ndi yakuti makina oimbira matepiwo akutha. Makampani akuluakulu amene ankawapanga adaleka kalekale, zipangizo zosinthira zikusowa, ndipo amisiri owadziwa akukalamba. Mu 2019 bungwe la UNESCO pamodzi ndi bungwe la osunga zojambulidwa la IASA adachenjeza maiko onse kuti nthawi yokopera matepi yatsala pang'ono kutha. Tepi ikhoza kukhala yamoyo pa shelefu, koma popanda makina oimvera ndi chimodzimodzi kalata yolembedwa m'chilankhulo chimene palibe akuchidziwa. Zimene Tracey adajambula zidapulumuka, pakuti zikusungidwa ku Rhodes University m'dziko la South Africa ndipo zidakoperedwa kale mu kompyuta. Koma zili kutali ndi adzukulu a anthu amene adaimba, ndipo ndi kachigawo kochepa chabe ka zonse zimene zidajambulidwa m'dera lathu lino.

Ntchito yopulumutsa nkhokwe zikuluzikulu ndi ya maboma, nyumba za wailesi ndi masukulu aukachenjede, ndipo ife nzika tili ndi ufulu wowafunsa kuti afika pati. Koma ilipo ntchito ina imene ili pakhomo pathu. M'masutikesi ambiri muli makaseti amene bambo adatumiza ali ku migodi kapena ku Harare, m'malo mwa kalata. Muli makaseti a ukwati, a chinkhoswe, a kwaya ya pa parishi imene theka la oimba ake lidatsogola kale. Tisawataye poyeretsa m'nyumba. Tiwachotse pafupi ndi denga lamalata ndi pa khoma lachinyezi, tilembe pa chikuto chake dzina la wolankhula, malo ndi chaka, ndipo tifunefune munthu amene akali ndi makina abwino kuti atikopere mauwo mu kompyuta zinthu zisanaipe. Tikakopera tisunge m'malo awiri kapena atatu, pakuti foni nayo imatayika.

Ndipo ngati agogo akali moyo, tisadikire galimoto yochokera ku Lusaka kapena ku Blantyre. Tikhale nao pansi madzulo ano, tiwapemphe chilolezo, tiike foni pa mpando pafupi nao, ndi kuwafunsa za kumene mtundu wathu udachokera, za njala ya 1949, za nyimbo zimene ankaimba posinja. Akamabwereza tisawadule, akakhala chete tiwadikire. Pambuyo pake tiwaimbire kuti adzimve okha, monga ankachitira ojambula akale aja, ndipo chimene iwo anene kuti ichi chisatuluke pakhomo pano, chisatuluke.